Buku Limene Linagawidwa Ngati Mbuzi

Kalekale, kuseri kwa phiri, kunali mudzi wotchedwa Mpindanjira. Unali mudzi waung'ono: makomo asanu, chitsime chimodzi, ndi mkuyu waukulu pakati. Anthu ake anali ogwirizana. Chinthu chikalowa m'mudzimo, kaya ndi mchere, kaya ndi nyama, kaya ndi uchi, chinkagawidwa mofanana, khomo lililonse gawo lake. Ankati chodya wekha chimatsamwitsa.

Inu ana obadwira kuno, chilimwe cha kwathu simuchidziwa. Dzuwa limatuluka litakwiya kale. Nthaka imaotcha kumapazi, tchire lonse limasanduka lupsa, ndipo nyenje zimalira mpaka mutu kuwawa. M'nyengo yotere sukulu, imene inali kutsidya kwa dambo, inkatseka. Ana a ku Mpindanjira anasewera phada mpaka miyala kusalala. Anaumba ng'ombe zadothi mpaka dothi lakudambo kuuma gwaa. Anamanga masanje ndi mapesi, kuphikirana, kukwatirana, kusudzulana, mpaka kukoma konse kutha. Kenako anangokhala pansi pa mkuyu, kuyasamula ndi kuthamangitsa ntchentche. Wina akayang'ana mnzake, mnzakeyo amvekere, "Ukundiyang'aniranji?" Basi ndewu yayamba.

Tsiku lina dzuwa lili paliwombo, kunjira kunatulukira mayi wamtali, wa imvi za m'mbali, atasenza dengu. Dzina lawo anali a Nachisale. Kale anali mphunzitsi, koma atapuma ntchito anayamba kuyenda mudzi ndi mudzi m'chilimwe, kubwereketsa ana mabuku.

Mnyamata wina wapakamwa, dzina lake Lekeleni, anawathamangira.

"Amayi, m'dengumo muli usipa?"

"Muli choposa usipa," anayankha a Nachisale. Anatula dengu, navundukula nsalu. Munali mabuku, koma ochepa, moti pansi pa dengu pankaoneka. "Ndani pano amene amawerenga osakakamira?"

Ana onse analoza Msatida, mtsikana wa zaka khumi ndi ziwiri, wofatsa, wosakonda zolankhula. A Nachisale anatenga buku limodzi lachikuto chobiriwira, naliika m'manja mwake.

"Tamvera, mwana wanga. Dengu ili linali lodzaza. Midzi ina inang'amba, ina inataya, ina inanama. Ndidzabwera mvula yoyamba ikadzazima lupsa. Bukuli lidzabwere lonse, tsamba lililonse pamalo pake. Likadzabwera lonse, ndidzakusiyirani awiri. Likadzabwera loperewera, mudzi uno sudzabwerekanso buku kwa ine. Ndipo ine mawu anga sindibweza."

Msatida anagwada, nati, "Lidzabwera lonse, amayi."

A Nachisale atangozimiririka, ana anamuunjikira. Msatida anatsegula tsamba loyamba nawerenga mokweza: "Kunali mtsikana wina amene anatopa ndi ludzu la m'mudzi mwake. Anatenga chikho, nanyamuka kukafuna kumene mvula imagona."

Sanapitirize. Lekeleni anatsomphola bukulo kuti aone chithunzi. Kamtsikana kena, dzina lake Mwatitha, kanagwira chikuto. Mapasa a khomo lakumtunda anagwira mbali ina. Uyu kukoka, uyu kulira, uyu kuluma mnzake. Amayi anatuluka m'nyumba, koma m'malo moleretsa, anaonjeza nkhuni.

"Bukuli lizigona kwathu. Denga lathu silidontha."

"Likudontha chiyani m'chilimwe muno? Nenani zina!"

"Nanga wanga mwana ndi wa galu, kuti azingoonera patali?"

Pomaliza wina anati, "Itanani a Kadammanja. Iwo ndiwo amathetsa zotere."

A Kadammanja anali nkhalamba ya khomo lachisanu. Akazi awo anamwalira kale, ana awo anapita kutali osabwerako, ndipo ankakhala okha ndi fodya wawo wachingambwe. Kusukulu sanapiteko. Koma pogawa nyama, m'dera lonselo munalibe wofanana nawo. Pamaliro, paukwati, pachikondwerero, mbuzi ikaphedwa ankaitana iwo. Zaka makumi anayi akugawa, panalibe munthu anadandaulapo kuti gawo lake lachepa.

Anabwera ndi mpeni wawo. Analandira bukulo, naliyeza m'manja, nalitembenuza.

"Chilibe mafupa ichi. Sichivuta."

Msatida anagwira mkono wawo. "Agogo, buku sagawa."

Iwo anaseka mwachikondi, poti ankamutcha mkazi wawo monga amachitira agogo ndi adzukulu. "Mkazi wanga, ine ndinagawapo mutu wa nguluwe kwa anthu khumi ndi awiri, onse n'kupita akuyamika. Ndilephere kanthu kofewa aka?"

"Koma ndinalonjeza kuti lidzabwera lonse."

"Lidzabwera lonse. Tsiku lakelo aliyense adzabweretsa gawo lake. Ukufuna anzako azigona ndi njala, iwe wekha ukhute?"

Msatida anayang'ana amayi ake. Amayi ake anayang'ana pansi. Mwana akanatani?

A Kadammanja anayala masamba a nthochi asanu. Ananola mpeni pamwala, nadula ulusi wakumsana kwa bukulo. Kenako anagawa. Gawo loyamba, pamodzi ndi chikuto, linapita kwa Msatida. Lachiwiri kwa Lekeleni. Lachitatu kwa Mwatitha. Lachinayi kwa mapasa. Kunatsala masamba atatu akumapeto, ndipo poti mwambo unali wakuti wogawa amatenga chotsala, iwo anawapinda, nawaika m'thumba la malaya. Anthu anaomba m'manja. Panalibe wodandaula, kupatula mmodzi.

Tsono mwana aliyense anapita kuseri kwa nyumba yakwawo ndi gawo lake. Msatida anawerenga mpaka mtsikana wa m'buku uja atafika pamtsinje wouma. Pamenepo mawu anadukira pakati. Lekeleni anapeza mtsikana akukangana ndi kamba, koma sankadziwa kuti mtsikanayo ndani, akuchokera kuti. Mwatitha anapeza mtsikana akulira m'tsinde mwa phiri, osadziwa chomuliritsa. Koma poti kunalibe china chochita, ankangobwereza. Kuwerenga m'mawa, kuwerenga masana, kuwerenga dzuwa litapendeka. Mnzake akayandikira, ankabisa m'malaya. "Lako linatha? Ili ndi langa."

M'mudzi munangoti zii. Akuluakulu anati, "Mwaona? Ndewu yatha." Koma bata lake linali ngati la pakhomo pamene pali matenda.

Masabata anapita. Mango anayamba kupsa. Tsiku lina kum'mawa kunaoneka kamtambo kakuda, ndipo Msatida anakumbukira lonjezo lake. Anatenga lichero, nayamba kuyenda khomo ndi khomo.

Kwa mapasa anapeza gawo lili bwinobwino, mayi awo atalisunga m'chitini. Mtima unakhala pansi pang'ono.

Anafika kwa Lekeleni.

"Lekeleni, ndipatse masamba aja."

"Kafunse mbuzi ya atate. Ndinasiya pakhonde, yadya dzana. Mwina pano ikudziwa kuwerenga."

Msatida anangoima, misozi ili chuchuchu. Lekeleni, amene ankayembekezera kutukwanidwa, anachita manyazi.

"Iwe, usalire. Mawuwo ndikuwadziwa onse. Tamvera." Anatsinzina, nayamba kunena pamtima, kuyambira pamene kamba anatulutsa mutu mpaka pamene analoza njira yakuphiri. Sanaphonye ngakhale liwu limodzi.

Anafika kwa Mwatitha. Mayi ake a Mwatitha anakanda m'mutu.

"Pepa, mwanawe. Ndinakulungira mchere. Mcherewo unanyowa, zilembo zonse zafufutika. Ine ndimayesa anathana nawo."

Koma Mwatitha anatuluka kuseri kwa amake, nati, "Inenso ndikuwadziwa." Nayenso ananena gawo lake lonse pamtima, ndi mawu ake aang'ono.

Pamenepo Msatida analimba mtima. Anathamangira kukhomo lachisanu. Anapeza a Kadammanja atakhala pampando wandalema, akusuta.

"Odi, agogo. Ndabwera kudzatenga masamba aja."

Nkhalamba inachotsa ndudu pakamwa. Inaiyang'ana. Msatida nayenso anaiyang'ana. Papepala lopichirira fodyalo panali zilembo, ndipo moto unali kuzidya chimodzichimodzi.

"Awiri ndinasuta sabata yatha," anatero motsitsa mawu. "Ili ndi lomaliza. Pepala lake ndi lofewa bwino. Ndinaiwala, mkazi wanga. Ndimati gawo langa ndi langa."

"Munawerengako, agogo?"

"Ine kusukulu ndinangodutsa kunja."

Msatida anatola lichero lake, nabwerera osatsanzika.

M'mawa mwake anaitana ana onse pansi pa mkuyu. Anati, "Tikhale motsatana, monga mmene buku linalili." Iye anayamba kuwerenga. Pamene mawu ake anadukira, Lekeleni analandira. Pamene a Lekeleni anathera, Mwatitha analandira. Pamenepo m'pamene nkhope za ana zinatseguka.

"Ohoo! Ndiye mtsikana wa kamba uja ndi yemweyu wa chikho?"

"Ndiye ankalira chifukwa chikho chinasweka!"

Amayi anasiya mitondo, nabwera. Abambo anasiya nsolo, nabwera. A Kadammanja anabwera pomaliza, nakhala patali, padzuwa. Mapasa anawerenga gawo lawo: mtsikana anakwera phiri, nafika paphanga limene mvula imagona, nakweza dzanja kuti agogode.

Mawu anathera pomwepo.

Anthu anadikira. Nyenje zokha ndizo zinkalira.

"Ndiye kenako?" anafunsa Mwatitha.

Maso onse anatembenukira kwa nkhalamba ija. Iyo inaimirira pang'onopang'ono, chipewa chili m'manja.

"Zaka makumi anayi ndagawa," inatero, "ndipo sindinalakwepo. Koma mbuzi timagawa itafa. Ichi ndinachigawa chili chamoyo."

Madzi akatayika saoleka, koma ana aja anayesa. Anang'amba masamba otsala m'makope awo akusukulu. Atachepa, anadula pepala la thumba la simenti, naliwongola ndi mwala. Lekeleni ankanena, Msatida ankalemba. Mwatitha ankanena, Msatida ankalemba. Mapasa anajambula kamba ndi makala, koma anatuluka ngati mphika wovundikira, ndipo ana anaseka kwa nthawi yoyamba m'masabata ambiri.

Kunatsala mapeto. Masiku atatu anakangana. Lekeleni ankafuna kuti m'phangamo mutuluke njoka ya mitu isanu ndi iwiri. Mwatitha ankafuna ukwati. Mapasa ankafuna zonse ziwiri. Tsiku lachitatu Msatida anapita kwa a Kadammanja, amene tsiku lililonse ankabwera kudzakhala patali osalankhula.

"Agogo, mapeto anali gawo lanu. Munawasuta ndinu. Tiuzeni, m'phangamo munali chiyani?"

Nkhalamba inati:

"Ine ndikuganiza kuti mvula inali nkhalamba. Inali yokha. Anthu ankaifuna ikakhala ndi chowapatsa, koma panalibe ankabwera kudzangoti mwadzuka bwanji. Ndiye inangogona, n'kuiwala kudzuka. Mtsikanayo sanapemphe madzi. Anasesa m'phangamo, anakoleza moto, nakhala pansi n'kuyamba kuiuza za kumudzi: wakuti wabereka, wakuti wamanga nyumba, ng'ombe yakuti yathyoka mwendo. Nkhalambayo inayamba kulira. Inati, ndiperekeze ndikawaone. Ndipo kulikonse kumene ankadutsa, misozi yake inkagwa."

Panalibe ananenanso za njoka. Msatida analemba mawuwo monga mmene anatulukira.

Atatha, a Kadammanja anapota ulusi wa khonje pantchafu, natenga singano yosokera matumba. Manja amene moyo wonse ankadula, tsiku limenelo anayamba kulumikiza. Anadzilasa chala katatu. Bukulo linatuluka lonenepa, lokhota, masamba ena oyera, ena otuwa, ena amizeremizere.

Patapita masiku awiri mvula yoyamba inagwa. Fungo la dothi linadzaza m'mudzi, fungo limene munthu saliiwala ngakhale atakhala kutali zaka zingati. M'mawa mwake dengu lija linatulukira kunjira.

Lekeleni ananong'oneza, "Ungowapatsa chikuto chili pamwamba. Mwina satsegula."

Msatida anapukusa mutu. Anagwada pamaso pa a Nachisale, nanena zonse: za ndewu, za mpeni, za mbuzi, za mchere, za fodya. Sanabise kanthu, ndipo sanaloze munthu chala.

A Nachisale anakhala pamuzu wa mkuyu, nawerenga bukulo kuyambira pachiyambi. Pofika patsamba lomaliza anachedwapo kwambiri. Kenako anatseka.

A Kadammanja anasendera pafupi. "Mayi, mlandu ndi wanga. Mwanayu anandiletsa, ine osamva. Langani ine."

"Bambo, ine sindilanga munthu. Koma ndikabweza mawu anga pano lero, mawa midzi yonse imva, ndipo chaka chamawa m'dengumu mudzatsala nsalu yokha." Anatembenukira kwa Msatida. "Wanena zoona, mwana wanga, ndipo ndakuona. Koma bukuli silinabwere lonse."

Analiika m'dengu, nasenza, napita. Msatida anawayang'ana mpaka anazimiririka. Sanalire. Kusalira kwakeko n'kumene kunawawa anthu kwambiri.

Chilimwe chotsatira chinafika ndi nyenje zake. Ana ankakwera pachulu kuyang'ana kunjira. Tsiku lina analiona dengu lija patali, likudutsa njira yakutsidya, kulowera kumidzi ina. Silinakhote.

Anabwerera pansi pa mkuyu ali khuma. Pamenepo anapeza a Kadammanja atakhala kale, pambali pawo pali mtolo wa mapepala omangidwa ndi luzi. Chaka chonse nkhalambayo inkatola mapepala kumsika ndi m'njira, ndipo sinasuteko ngakhale limodzi. Fodya inali itasiya.

"Mkazi wanga," anatero, "pensulo ija ikadalipo? Ine singano ndili nayo."

Chilimwe chimenecho m'mudzi simunamveke ndewu. M'mawa ana ankayenda khomo ndi khomo kufunsa akuluakulu zakale: mmene chitsime chinakumbidwira, chaka chimene dzombe linaphimba dzuwa, chimene chinachititsa kuti mkuyu upendeke. Masana ankalemba ndi kujambula. Dzuwa likapepa ankasewera zimene alembazo, Lekeleni atavala lichero kumsana ngati kamba. Mvula isanagwe, mabuku awiri anali atasokedwa.

M'dzinja lomwelo a Kadammanja anadwala chifuwa, namwalira. Posesa m'nyumba mwawo anthu anapeza mpeni uja uli kudenga, utachita dzimbiri. Singano anaipeza itabaidwa pachipewa, ili ndi ulusi.

Chilimwe chachitatu, dzuwa lili paliwombo, dengu lija linakhota n'kulowa m'mudzi. Ana anaimirira, koma panalibe anathamanga. A Nachisale anatula dengu, natulutsa buku lonenepa, lokhota, lakuda ndi zala za anthu.

"Ili layenda midzi isanu ndi inayi," anatero. "Kulikonse ana akulilimbirana kuposa onse a m'dengumu. Akufunsa kuti mudzi umene unasoka ili ulibe lina? Mawu anga sindinabweze: inu simudzabwereka kwa ine. Ine ndi amene ndabwera kudzabwereka kwa inu."

Msatida analowa m'nyumba, natuluka ndi mabuku awiri aja.

"Koma wobwereka wachilendo amasiya chikole," anapitiriza a Nachisale. Anasankha mabuku atatu m'dengu, nawaika pamphasa. "Awa akhale kuno mpaka ndidzabweze anu. Chikole sachitsekera m'bokosi, chiziwombedwa mphepo." Kenako anayang'ana uku ndi uku. "Nanga bambo osoka aja ali kuti? Ndili ndi mawu awo."

Mwatitha analoza kumsitu wa manda.

A Nachisale anatsegula buku la mvula patsamba lomaliza, nasisita ulusi wa khonje ndi chala. "Ndinkafuna kuwauza kuti mapeto akale ndawaiwala," anatero. "Ndikukumbukira awo okha."

Msatida anaika mabuku awiri aja m'manja mwawo. Anawayang'ana m'maso, nati, "Adzabwere onse, amayi. Tsamba lililonse pamalo pake."

Mayi uja, amene ana anali asanaonepo mano ake, anamwetulira. "Adzabwera onse, mwana wanga."

Tsiku lomwelo ana anakhala mozungulira pansi pa mkuyu. Buku linali limodzi pakati, ndipo linkayenda dzanja ndi dzanja. Pamene pankakhala nkhalamba ija anasiyapo malo.

Malemu mayi a ana anga ankaikonda nthano imeneyi. Ikafika pa singano ija, ankapukuta m'maso ndi nsonga ya chitenje n'kunamizira utsi.

Tsono inu ana, gwirani ichi. Kugawana ndi kwabwino, koma si zonse zimene amagawa ndi mpeni. Nyama ukaigawa, aliyense amapita kwawo ndi yake. Nkhani ukafuna kuigawa, umaitana anzako n'kukhala nawo pansi. Ndipo amene wadula molakwitsa asathawe, afunefune singano.

Nthano yanga yathera pompa. Amene ali kufupi ndi moto aphule mbatata ija isanapserere, tidyere pamodzi.